Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: chimimba cha ubwana

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene anandikweza pantchito n'kundipatsa galimoto ya kampani. Kuyambira pamenepo miyendo yanga inapuma, mimba n'kuyamba ntchito.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kuti kuwonda unali mlandu. Ma ARV aulere asanabwere mu 2004, munthu akangotsika thupi pang'ono anthu ankatsinana, ena mpaka kuyamba kuwerengera katundu wake. Ndiye nditayamba kudzaza malaya, aliyense anakondwa. Ndikafika kwathu ku Ntcheu, amayi ankandizungulira akuti, "Tsopano tabereka bambo." Nkhomaliro inali nsima ya mang'ina kapena zam'kati, kutsitsira zoziziritsa kukhosi. Lachisanu likakwana, kanyenya ndi mowa ku Bwandilo. Lamba anatha mabowo mpaka ndinakaboolesa ena kwa wosoka nsapato.

Usiku wina chala chachikulu cha phazi lamanzere chinandidzutsa. Chinali chitatupa, chikunyezimira, chikutentha, moti nsalu yofunda kungochikhudza ndinakuwa. Amayi atamva pa foni anagamula pompo: "Waponda mankhwala, anzako akuntchito akukuchitira nsanje." Mayi akunyumba sanawatsutse apongozi awo, koma kutacha anatenga makiyi n'kunditengera kuchipatala.

Adokotala anali mayi wachikulire wosachedwa kulankhula. Chalacho anangochiyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi gout, matenda otupitsa molumikizana mafupa, kenako anandiimika pa sikelo n'kundizunguliza tepi m'mimba. Makilo 104 pa msinkhu wa mamita 1.72, BMI (muyezo woyerekeza kulemera ndi msinkhu) ya 35, pomwe kunenepa koopsa kumayambira pa 30. Anandipatsa mankhwala ochepetsa kutupa a colchicine n'kuti magazi adzayeza kutupa kukatha, chifukwa pa nthawi ya ululu uric acid amatha kuoneka wotsika n'kukupusitsani. Nditabwerako, uric acid wa m'magazi mwanga anali pa 9 mg/dL.

"Ndisiya nyama, adokotala," ndinatero.

"Chepetsani ndithu, bambo, makamaka chiwindi, impso ndi mowa. Koma mlandu waukulu uli apa," anatero akuloza pamene panadutsa tepi paja.

Zimene anandifotokozera ndikuzikumbukabe. Uric acid ndi zinyalala zimene zimatsala thupi likaphwanya zinthu zotchedwa ma purine. Ambiri mwa iwo sachokera m'mbale, amachokera m'maselo a thupi lomweli akamatha n'kumapangidwa ena, ndiye thupi lalikulu limatulutsanso zinyalala zambiri. Impso ndi zimene zimataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu kudzera mu mkodzo, zotsalazo zimatuluka ndi matumbo. Tsono mafuta a m'mimba amachititsa thupi kusamva insulin, amene amayendetsa shuga m'magazi, kapamba n'kumatulutsa insulin wochuluka, ndipo insulin akachuluka impso zimabweza uric acid m'magazi m'malo momutaya. Akapitirira 6.8, magazi amalephera kumusungunula, amaundana kukhala timiyala tosongoka ngati singano, ndipo amakonda kuyambira kuchala chifukwa kumapazi n'kozizira. Shuga wa fructose wa m'zoziziritsa kukhosi zija amakweza uric acid mwachindunji, n'kuwonjezeranso chimimba. Ngakhale mankhwala a BP amene ndinkamwa, HCTZ, ankathandizira kumusunga m'magazi, moti anandisinthira ku losartan.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga a gout. Tikakumana amangokambirana za mndandanda wa ndiwo zoletsedwa, uyu akuti nyemba, uyo akuti tomato, koma za sikelo palibe amazitchula. Sindikunena kuti owonda sadwala, chibadwa ndi impso zofooka zimagwetsa ngakhale munthu wa m'chiuno mochepa. Koma ambiri a ife tikakhala pabenchi yachipatala ija, mabatani a malaya amakhala akupempha chifundo.

Januwale atafika, mpingo wathu unalengeza kusala kudya. Ndinalowa nawo ndi mtima wonse, ndikuwerengera kuti pemphero liyenda, thupi litsikanso. Linatsikadi msangamsanga, koma bondo lakumanja linatupa moti ku mapemphero otsekera ndinapita ndi ndodo. Adokotala aja sanadabwe. Anati munthu akakhala ndi njala nthawi yaitali, thupi limawotcha mafuta mothamanga n'kupanga ma ketone, amene amalimbirana njira ndi uric acid mu impso, ndiye uric acid uja amatsalira m'magazi. Kusamwa madzi kumangowonjezera moto. "Theka la kilo pa sabata ndi lokwanira, bambo. Musathamange." Anandiyambitsa mankhwala a allopurinol pang'onopang'ono, cholinga n'kutsitsa uric acid pansi pa 6, n'kundichenjeza kuti miyezi yoyamba kutupa kumatha kubwera ndipo ndisasiye kumwa. Anatinso kutsika thupi kumathandiza, koma kwa munthu amene wafika pa 9 sikulowa m'malo mwa mankhwala.

Mitanda ya nsima inachoka pa itatu kufika pa umodzi ndi theka, ndiwo zamasamba n'kuchuluka. Galimoto ndinayamba kuisiya kutali ndi ofesi. Pofika nyengo yozizira ndinali nditatsika makilo oposa 10, ndipo kutsinana kuja kunayamba. Mnzanga wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndinakayezetsa. Kenako amayi anakwera basi ku Ntcheu osatiuza, atanyamula nkhuku ziwiri ndi dzina la sing'anga. Zimene zinachitika pakati pa iwo ndi mpongozi wawo kukhitchini ndidzazifotokoza m'gawo 18.