Lachinayi ku Florence: Njerwa za Brunelleschi

Ndinalawirira ku Uffizi, nyumba yosungiramo zojambula mumzinda wa Florence ku Italy. Nyumbayi anaiyamba mu 1560 mmisiri Giorgio Vasari kuti ikhale maofesi a boma la Cosimo I wa banja la Medici, zosungiramo zojambulazi zidabwera pambuyo. Anthu anali piringupiringu, aliyense foni m'mwamba, moti pa chithunzi cha wojambula Botticelli cha kubadwa kwa Venus, mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma, ndinaona kwambiri nkhongo za anthu kuposa Venus mwini wakeyo. N'chokongola ndithu, koma sindinakhalitse. Amene ndinawathokoza mumtima ndi mayi Anna Maria Luisa, womaliza m'banja la Medici, amene mu 1737 adasaina pangano loti chuma chonsechi chisatuluke m'dziko la Tuscany, momwe muli Florence.

Chimene chandigwira mtima lero si utoto ayi, ndi njerwa.

Tchalitchi chachikulu cha Santa Maria del Fiore adayamba kuchimanga mu 1296, koma pakati pake padatsala chibowo chotambalala mamita pafupifupi 45 chimene amisiri sankadziwa kuti achifolera bwanji. Mitengo yochirikiza denga lalikulu chotero ikadachokera kuti? Ndiye adabwera Filippo Brunelleschi, munthu amene adaphunzira ntchito yosula golide, n'kunena kuti alimanga popanda zochirikiza zochokera pansi. Adayamba mu 1420, n'kumaliza mu 1436.

Dengalo ndi lophatikiza, lamkati ndi lakunja, ndipo makwerero 463 opita pamwamba amadutsa mumpata wa pakati pawo. Ndi mothina, motentha, wotsika ndi wokwera mumachita kupatsana mpata. Koma m'menemo ndi momwe mumaonekera nzeru zake. Njerwa zambiri n'zogoneka, koma pakapita kamtunda pali zina zoimirira, ndipo zimenezi ndi zomwe zinkagwira mzere uliwonse kuti usaterereke matope asanaume. Zonse pamodzi zimaposa 4 miliyoni. Amene mudaumbako njerwa n'kuziwotcha mu uvuni kuti mumange kanyumba ka zipinda zitatu, tawerengani nokha mauvuni ake.

Nditatsika, mawondo akunjenjemera, ndinalowa mu Museo dell'Opera del Duomo, nyumba yosungiramo zinthu zakale kuseri kwa tchalitchicho. Anthu ambiri amathamangira zitseko zamkuwa zokutidwa ndi golide za Lorenzo Ghiberti, yemwe ankapikisana ndi Brunelleschi. Ine ndinaima nthawi yaitali pa zida zokwezera katundu ndi zikombole za njerwa. Makina ake okokera miyala m'mwamba ankayendetsedwa ndi ng'ombe, ndipo adawakonza moti katundu ankakwera kapena kutsika popanda kuzitembenuza ng'ombezo. Mayina a oumba ndi onyamula njerwa sali pa chikwangwani chakutsogolo, koma zida zawo zilipo.

Madzulo ndinagula lampredotto pa kangolo ka m'mbali mwa msewu, buledi woika chifu cha ng'ombe chowiritsa ndi tsabola. Alendo anzanga anachita tsinya, ine ndinawonjezera wachiwiri. Mawa ndi ku Accademia, nyumba ina ya zojambula, kukaona chiboliboli cha David chosemedwa ndi Michelangelo, ngati miyendo ivomere.