Jekete ya Keyala yafika, koma ndalama ya sitoreji ikundiwawabe

Katundu wanga ali m'nyumba tsopano ndipo mtima wakhala pansi. Ndi jekete ya khaki ya msilikali wa Keyala (King's African Rifles, mwachidule KAR), chipewa chakuda cha fez, ndi mamendulo asanu olumikizidwa pa kachitsulo kamodzi. Ndinagula pa okushoni ina ya ku England kudzera pa intaneti. Anzanga amene timakonda kusonkhanitsa zinthu zakale za nkhondo akhala akundifunsa kuti zinayenda bwanji, ndiye ndati ndilembe ukali usanandithere.

Za kulembetsa pa tsamba la okushoni sinditaya nazo nthawi, mwana wa sitandade 8 akhoza. Pofunika mutu ndi pa mawu amene ogulitsa amalemba pansi pa chithunzi. Pa katundu wangayu analembapo kuti mwini wake mwina anali m'gulu la ma Chindits. Ka "mwina" kameneko kamadula. Ma Chindits anali gulu lapadera la Orde Wingate limene linkalowa kuseri kwa asilikali a Japan m'nkhalango za Burma mu 1943 ndi 1944, ndipo chilichonse chokhala ndi baji yawo, ya chilombo chonga mkango chotchedwa chinthe, anthu amachilimbirana mpaka mtengo kupenga. Koma anthu akuda amene anapita ndi Wingate mu 1944 anali a ku Nigeria, a 3rd West African Brigade. Agogo athu a ku Nyasaland analowa m'Burma pansi pa 11th East African Division, ya baji ya mutu wa chipembere, ndipo anatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati m'chaka chomwecho cha 1944 mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Malungo, matope, njala, zonse anazikumana. Ulemu wawo ndi wokwana kale, safunika kuwamata dzina la gulu la eni.

Ndinawalembera a okushoniwo kuwauza zimenezi. Anayankha mwaulemu kuti iwo angolemba zimene banja logulitsalo linanena. Basi ine ndinadziikira malire a mtengo wa katundu wa King's African Rifles, osati wa Chindits, ndipo mwamwayi ogula ena nawonso sanapusitsike.

Matenda amenewa ali ponseponse pa zinthu za magulu apadera. Baji ya SAS, gulu lapadera la asilikali a Britain limene David Stirling anayambitsa mu 1941, mudzaipeza pa jekete iliyonse imene wogulitsa akufuna ikwere mtengo, ulusi wosokera uli mbee, watsopano. Kuno kummwera kwa Africa n'chimodzimodzi ndi zinthu za C Squadron, nthambi ya SAS ya ku Rhodesia, ndi za Selous Scouts, gulu lina lapadera la asilikali a dzikolo. Gulu la Selous Scouts linangokhalapo kuyambira 1973 mpaka 1980, koma mabaji ake pa msika ali mbwee, ambiri opangidwa dzana. Ineyo zimenezo sindisonkhanitsa n'komwe. Ndikakumbuka anthu ambirimbiri amene gululo linapha pa msasa wa Nyadzonia ku Mozambique mu 1976, sindifuna chipewa chawo pabalaza panga. Koma amenewo ndi maganizo anga, wina aliyense ali ndi ake.

Chimene chinandilimbitsa mtima kugula ndi mendulo imodzi yokha mwa zisanuzo. Zinayi ndi za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: 1939-45 Star, Burma Star ya kansalu kofiira pakati ndi mizere ya buluu ndi olenji m'mbali, Defence Medal ndi War Medal. Boma la Britain linkapereka mamendulo amenewa opanda dzina, choncho aliyense akhoza kugula anayi osiyana, kuwamanga pamodzi, n'kupeka nkhani. Yachisanu ndi General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, ndipo imeneyo imakhala ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake. Mabataliyoni a ku Nyasaland anapitadi ku Malaya kuyambira 1952. Pemphani chithunzi cha m'mphepetemo, chooneka bwino, musanaike ngakhale tambala. Muone ngati zilembo zili zofanana kuya kwake, komanso ngati m'mphepetemo simunapalidwe kuti afufute dzina lina. Fez yakudayo inagwirizananso ndi nkhaniyo, chifukwa a ku Nyasaland ankavala yakuda pamene mabataliyoni ambiri a Keyala ankavala yofiira.

Tsopano ndalama. Mtengo umene nyundo yagwera si umene mulipire ayi. Pamwamba pake amaikapo gawo la nyumba ya okushoni, limene kawirikawiri limakhala pakati pa 20 ndi 30 pa 100 iliyonse, kenaka VAT ya 20 pa 100 pa gawolo, ndipo mukapikisana kudzera pa tsamba la kampani ina ya pa intaneti nayonso imadulapo yake. Tiyerekeze nyundo yagwa pa £200 ndipo gawo lawo ndi 25 pa 100: ndiye £250, kuphatikiza VAT ya £10, mwafika £260 katundu asanasunthe pa shelefu. Amene munagulitsako fodya ku okushoni mukudziwa mmene nkhope imagwera poona zodulidwa pa pepala lija, kungoti kunoku zimawonjezedwa kwa wogula. Amakupatsaninso masiku ochepa oti mulipire. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno kwathu, kubanki anandiuza kuti ndisiye mafomu ndidikire, tsiku lenileni osanditchulira. Anandipulumutsa ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Leeds. Iwo analipira kumeneko, ine ndinapereka makwacha kwa apongozi kuno. Ngati mulibe wachibale kunjako, yambani mwapeza njira yolipirira musanakweze dzanja.

Nyumba zambiri za okushoni sizitumiza katundu zokha, zimakulozerani kampani yolongedza. Apa panatulukanso china. M'thumba la jeketeyo munali kampeni kopinda ka asilikali, ndipo kampani yonyamula katundu inakanitsitsa kunyamula chilichonse chakuthwa. Kampeniko kanatsala kwa alamu ku Leeds. Amene mumalota mpeni wa makomando uja wa Fairbairn-Sykes, kapena mabeneti, dziwiranitu zimenezi. Makampasi a nthawi ya nkhondo nawonso amavuta chifukwa ambiri anapakidwa utoto wa radium kuti aziwala usiku.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Chimene chinandidwalitsa mutu ndi mawu awiri amene mnyamata wina wolongedza ku England analemba pa chikalata cha phukusi: "military uniform". Iye analemba mosaganiza, mwina akuthamangira tiyi. Phukusi litafika kuno linaimitsidwa pompo. Ndipo kunena zoona, woliimitsayo sindimuda. Lamulo sililola munthu wamba kuvala yunifolomu ya asilikali, ndiye munthu akaona mawu amenewo pa pepala ayenera kufunsa. Amene ndili naye mawu ndi ejenti wotulutsa katundu amene kampani yonyamulayo inandilozera.

Ndinapita ku ofesi yake m'mawa, nditapempha kuntchito. Pa khomo panali benchi, pa benchi anthu, aliyense ndi envulopu yake. Nditalowa ndinafotokoza zonse, kuti jeketeyi ndi ya gulu limene linatha, kuti bataliyoni ya kuno inasanduka Malawi Rifles mu 1964, kuti nsaluyo ikhoza kung'ambika munthu atangoyesa kuivala. Anandimvetsera akuseweretsa foni, kenaka amvekere, "Achikulire, nkhani ya zausilikali ndi yovuta. Mubwere mawa, abwana akhala atafika." Mawa lakelo abwana anali ku maliro. Tsiku lina netiweki inali itagwa. Tsiku linanso anandiuza kuti pakufunika kalata yofotokoza katunduyo. Ndinafunsa kuti yochokera kwa yani, yopita kwa yani. "Ingolembani, bwana, tiona." Ndinalemba, ndinapereka. Nditabweranso, kalata yanga inali pomwe ndinaisiya, pansi pa kapu ya tiyi, ili ndi chizindikiro chozungulira cha kapuyo.

Nthawi yonseyi, ndalama ya sitoreji, yolipirira kusungidwa kwa phukusi, ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Palibe anandiuza zimenezi poyamba. Ndinazidziwira pa invoyisi. Phukusi laling'ono, lopepuka kuposa thumba la shuga la mabanja, likulipitsidwa lendi ya Loweruka ndi Lamlungu lomwe, masiku amene ofesi yawoyo inali yotseka, masiku amene pepala langa linali pansi pa kapu yawo. Ndinafunsa kuti, "Kodi achimwene, ndikulipira kuchedwa kwanga kapena kwanu?" Anangoti ndi sisitemu, iwo sangasinthe. Sisitemu imeneyi imadziwa kuwerenga masiku koma siidziwa kunyamula kalata kuchoka pa tebulo kupita khomo lachiwiri. Pomaliza sitoreji ndi ndalama ya ejentiyo zinaposa zimene ndinalipira kunyamula phukusilo pa ndege kuchoka ku England. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi nsima imandikanika.

Chimene chinamasula nkhaniyi n'chophweka mochititsa manyazi. Mayi wina wachikulire wa mu ofesi yoyandikana, atandiona pa benchi paja kangapo, anandifunsa kuti, "Bambo, inu vuto lanu n'chiyani kodi?" Nditawafotokozera anati ndibweretse invoyisi ya okushoni, tsamba la kabuku ka malonda losonyeza chithunzi ndi zaka za katunduyo, ndipo ndipemphe kuti phukusi litsegulidwe ine ndilipo. Anandiuzanso kuti m'buku la manambala a katundu limene maiko amagwiritsa ntchito muli mutu wa 9705, wa zinthu zosonkhanitsa zokhudza mbiri yakale, ndipo ndi umene unayenera kulembedwa kuchokera pachiyambi m'malo mwa wa zovala. Atatsegula, woyang'anirayo ananyamula fez ija, kuitembenuza, n'kunena kuti agogo ake anali ndi yotere ku Zomba. Anandiwerengera msonkho, ndinalipira, ndinalandira lisiti. Ntchito yosakwana ola limodzi.

Choncho uzani wolongedza, molemba, katundu asananyamuke, kuti pa chikalata alembe zoona zake zonse: zinthu zakale zosonkhanitsa, za zaka za m'ma 1940 ndi 1950, jekete ndi mamendulo, mutu 9705. Sindikunena kuti muname kapena mubise kuti zinali za msilikali. Ndikunena kuti mawu awiri okha aja asakhale okha pa pepala. Muwapemphe akutumizireni chithunzi cha chikalatacho musanawalole kutumiza. Ndipo mufunse ejenti tsiku loyamba lomwelo kuti sitoreji imayamba liti ndipo ndi zingati pa tsiku, akulembereni.

Ndadumpha china chimene chinayenera kubwera koyambirira. Musanagule, fufuzani dzina lili pa mendulo. Tsamba la Commonwealth War Graves Commission ndi laulere ndipo limakuuzani ngati munthuyo anafera ku nkhondo. Ku The National Archives ku Kew kuli mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku za magulu amene anali ku Burma, pansi pa WO 172, ndi mindandanda ya olandira mamendulo akale pansi pa WO 100. Maina a asilikali wamba akuda sapezeka kawirikawiri m'mabuku a tsiku ndi tsikuwo, amangotchula maofesala achizungu, koma mumadziwa kumene bataliyoni inali mwezi wakutiwakuti. Kuno kwathu kuli National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Mamendulo a nkhondo yoyamba, ya 1914 mpaka 1918, ndi osavuta chifukwa onse anadindidwa maina. Imene anthu amailimbirana kwambiri mwa zokhudza dziko lathu ndi Africa General Service Medal ya kachitsulo ka Nyasaland 1915, imene inaperekedwa kwa amene anathetsa kuukira kwa John Chilembwe. Ndinaionapo pa kabuku ka malonda, ndinaiyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati ndikuifuna kapena ikundinyansa.

Ena amati bwanji osangoyenda m'midzi ya ku Zomba, Mangochi kapena Ntcheu n'kumagula kwa mabanja a asilikali akale, zotchipa. Ine zimenezo ndimakana. Gogo wamasiye amene wasunga mendulo ya amuna ake m'chitini kwa zaka zonsezi akhoza kuipereka pa mtengo wa thumba la chimanga chifukwa cha njala, ndipo mawa adzukulu adzaifuna. Mukaipeza, jambulani, lembani dzina ndi nambala, muwauze mtengo wake weniweni. Zimene zinapita kale kunja ndi zimene ndimafuna zibwerere.

Katundu akafika musamuchape. Mkazi wanga atamva fungo la jeketeyo anafuna kuiviika mu Surf, ndinachita kuilanda m'manja. Madzi amafufuta zidindo za m'kati, monga kamuvi kaja kosonyeza kuti ndi katundu wa boma la Britain, ndipo zidindozo ndiye umboni wake. Mamendulo musawakweche ndi Brasso, kuda kwakeko n'kumene ogula amafuna, ndipo kansalu kakale kosuluka musakasinthe ndi katsopano. Mdani wamkulu kuno ndi njenjete ndi chuku cha nthawi ya dzinja. Yanga ndaigoneka m'bokosi, yokulungidwa mu nsalu yoyera ya thonje, osati m'pulasitiki, ndipo ndimaitulutsa pamthunzi kukacha bwino. Pa hang'ala ya waya mapewa amang'ambika.

Za sitoreji zija ndalemba kalata yodandaula ku kampani yonyamula katunduyo, ndaikamo masiku onse ndi chithunzi cha kalata yanga ya chizindikiro cha kapu. Andiyankha kuti nkhaniyo aitumiza kwa oyenera. Mwezi wamawa kuli okushoni ina yokhala ndi lamba ndi mabaji a bataliyoni yachiwiri ya Keyala (2 KAR), ndipo wolongedza ndamulembera kale mawu oti adzaike pa chikalata, mwa zilembo zikuluzikulu.