Sabata ya malipoti a moto wa kumwamba

Lolemba m'mawa, sabata yoyamba ya Meyi, mafoni ku ofesi yathu ya zanyengo anayamba kulira tiyi asanapse. Onse nkhani imodzi: kusanache kwadutsa chinthu chowala mobiriwira, chokoka mchira, kenako chazima. Mlonda wa ku Area 25 akuti chagwera kuseri kwa mafakitale a Kanengo. Mayi wina wa ku Nathenje akuti ayi, chagwera kuseri kwa phiri la Nkhoma. Pa WhatsApp anali atagamula kale kuti ndi lichero la afiti lathera mafuta m'njira.

Kafunsidwe ka malipoti otere sikachilendo. Asilikali a ndege a ku America anakagwiritsa ntchito mu Project Blue Book, ntchito yofufuza malipoti a zinthu zachilendo zooneka kumwamba, kuyambira 1952 mpaka 1969, ku malo awo a Wright-Patterson m'chigawo cha Ohio. Pa malipoti 12,618 amene anali m'mafayilo awo, 701 okha ndi amene anatsala osadziwika. Ambiri anapezeka kuti ndi ndege, mabaluni, nthanda kapena miyala yoyaka yochokera kumwamba. Ngakhale moto umene unaoneka ku Kecksburg, ku America komweko, pa 9 Disembala 1965 anati unali mwala, ngakhale kuti ena amakanabe mpaka lero.

Mafunso akuluakulu ndi atatu: nthawi yanji, mbali iti, kwa masekondi angati. Funso lachitatuli ndilo limadula mlandu. Mwala umalowa mumpweya pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi, ndipo kawirikawiri supitirira masekondi asanu ukuoneka. Zidutswa za roketi kapena setilaiti zimabwera pa makilomita osafika 8 pa sekondi, zimandondozana ngati abakha, ndipo munthu amapeza mpata wotulutsa foni n'kujambula. Chikaima malo amodzi kwa mphindi khumi, yang'anani kaye komwe kuli nthanda. Vuto n'lakuti munthu wodzidzimuka amatalikitsa nthawi. Mukamufunsa kuti "Achimwene, chinatenga nthawi yaitali bwanji?" adzati mphindi ziwiri. Muwapemphe aloze ndi dzanja njira yomwe chinadutsa, inu mukuwerenga pa wotchi. Mlonda uja anamaliza m'masekondi anayi.

Lachiwiri ndi Lachitatu inali ntchito ya kampasi ndi mapu. Mboni iime pamalo enieni pomwe inali, iloze poyambira ndi pozimira. Kutalika kuchokera pansi timayeza ndi chibakera, mkono utatambasulidwa: chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Mizere ya ku Area 25 ndi Nathenje sinakumane ku Kanengo kapena ku Nkhoma, inangopita limodzi chakum'mawa. Miyala iyi imayaka pamtunda wa makilomita 80 mpaka 120, choncho aliyense amaona ngati yagwera kuseri kwa phiri lake. Palibenso amene anamva kuphulika. Phokoso limayenda mamita 340 pa sekondi, ndiye mwala ukatsika kwambiri mkokomo umafika patapita mphindi zingapo, osati nthawi yomweyo.

Makanema anatichedwetsa Lachinayi lonse. WhatsApp imafufuta nthawi yeniyeni yojambulira, ndipo kamera ya pa geti imene tinapatsidwa wotchi yake inali kutsogolo ndi mphindi 17. Oyendetsa ndege sananene kanthu, baluni ya zanyengo panalibe. Tinalemba kuti ndi mwala. Sabatayi dziko limadutsa mu fumbi la nyenyezi ya mchira ya Halley, lomwe limayaka likalowa mumpweya ndipo limachuluka cha pa 5 ndi 6 Meyi, koma sitinathamangire kulumikiza ziwirizi, poti miyala ikuluikulu yambiri imayenda payokha.

Lachisanu bambo wina anabwera ndi mwala m'jumbo, akuti unali wotentha poutola. Weniweni umakhala ndi khungu lakuda lopyapyala, umalemera kuposa maonekedwe ake, ndipo nthawi zambiri maginito amaukoka, monga wa makilogalamu 93 umene unagwa ku Machinga mu Januwale 1981. Wa bambowa unali ndi timabowo ngati siponji, chizindikiro cha zotsalira posungunula chitsulo. Anaubweza m'jumbo n'kufunsa ngati tingawathandizeko ya minibasi.