Buledi wa mbatatesi wa ku Ireland: zimene ndaphunzira pa chiwaya

Buledi wa mbatatesi wa ku Ireland safuna uvuni, safuna yisiti, ngakhale dzira salifuna. Zolowamo ndi zinayi basi: mbatatesi yophika, fulawa pang'ono, batala ndi mchere. Munthu ukamva choncho umaona ngati palibe chophunzirapo. Koma chakudya cha zosakaniza zochepa n'chimene chimayalutsa wophika, chifukwa chikalakwika palibe anyezi kapena tomato woti abise manyazi.

Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa chilumba cha Ireland, m'dera la Ulster. Kumeneko amamutcha fadge kapena potato farls, ndipo m'masitolo a ku Belfast amagulitsidwa wophikaphika m'mapaketi. Pa kadzutsa wawo wotchuka, Ulster fry, amakhala pambali pa mazira, masoseji, nyama ya nkhumba yokazinga ndi buledi wina wa soda. Sali wofufuma ngati buledi wa ku bekale. Ndi wopyapyala, wofewa mkati, wamawanga abulauni kunja.

Muyeso umene ndakhazikikapo ndi uwu: mbatatesi magalamu 500, fulawa magalamu pafupifupi 100 mpaka 120, batala magalamu 30 kapena kupitirirako pang'ono, ndi theka la kasipuni ka mchere. Mwachidule, fulawa amakhala gawo limodzi pa magawo 4 kapena 5 a mbatatesi. Koma manambalawa ndi poyambira chabe. Chimene chimalamula kuchuluka kwa fulawa ndi madzi omwe atsala mu mbatatesi yanu, ndipo phunziro lalikulu la buledi ameneyu lagona pamenepo.

Mbatatesi yaiwisi, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse ndi madzi. Mukaisenda, n'kuiduladula, n'kuiwiritsa, imamwanso ena. Ndiye mukathira fulawa, zosakanizazo zimamata m'manja, mumawonjezera fulawa, zimamatabe, mumawonjezeranso. Pomaliza mwapanga chinthu cholimba chonunkha fulawa wosapsa, kukoma kwa mbatatesi kutathawa kalekale. Njira yake ndi kuchotsa madzi musanafike pa fulawa. Phikani mbatatesi ndi makoko ake, zazikulu mofanana kuti zipsere limodzi. Zikapsa, khuthulani madzi onse, bwezerani poto pamoto wochepa kwa mphindi 2 kapena 3, mutavundikira ndi kansalu koyera m'malo mwa chivundikiro. Nsalu imamwa nthunzi, pomwe chivundikiro chimaibweza ngati madontho. Makoko akayamba kung'ambika, mkati mukuoneka mbuu, mwafika.

Mtundu wa mbatatesi nawonso ndi nkhani. Anthu a ku Ireland amakonda yaufa, yomwe ikapsa imanyenyeka yokha. Mitundu yawo yodziwika ndi monga Kerr's Pink, Golden Wonder ndi Rooster, ya khungu lofiira yomwe inatulutsidwa mu 1991 kuchokera ku malo a kafukufuku a Oak Park ku Carlow. Pamsika wa kuno simudzamva mayina amenewo, koma kachewere wa ku Dedza ndi ku Ntcheu naye amasiyana, wina waufa, wina wamadzimadzi. Ofunsa abwino ndi anyamata okazinga tchipisi. Iwo amadziwa mbatatesi youma chifukwa ndi imene imawapatsa tchipisi tosalefuka, ndipo imeneyo ndi yomwe ikufunika apa.

Chachiwiri chimene chinandipatsa chidwi ndi dzanja. Ife tinakula tikudziwa kuti nsima yabwino imafuna mkono, kutakasa mpaka thukuta. Buledi uyu amafuna zosemphana ndi zimenezo. Mkati mwa mbatatesi yophika muli timatumba ting'onoting'ono todzaza ndi sitachi yofufuma. Mukaiphwanya mofatsa, timatumbato timangolekana koma osaphulika, ndipo mbatatesi imakhala yopepuka. Mukaimenya kwambiri, timaphulika, sitachi n'kutayikira, zonse n'kusanduka ulimbo. N'chifukwa chake blenda siyenera kuyandikira ntchito imeneyi. Foloko ikwanira, kapena kukankhira mbatatesi pa sefa ya mawaya ndi msana wa sipuni, zomwe zimachedwetsa koma sizisiya mibulu. Fulawa nayenso ali ndi khalidwe lomwelo: akanyowa n'kukandidwa kwambiri amayamba kutamuka. Pa buledi wa yisiti kutamukako n'kofunika. Apa ayi. Sakanizani mpaka zigwirane, kenako chotsani manja.

Zonsezi zichitike mbatatesi ikadali yotentha. Sendani mutaigwira ndi nsalu, zala zizipsa pang'ono, phwanyani, ponyanimo batala kuti asungunuke yekha, mchere, kenako fulawa pang'onopang'ono. Mbatatesi yogona imathekanso, ndipo kwawoko ambiri amapangira buledi ameneyu zotsala za dzulo, koma ikazizira sitachi imalimba n'kuchita mibulu yovuta kuphwanya. Ndi bwino kuifunditsa kaye. Ngati zotsalazo munathiramo mkaka, dziwiranitu kuti zidzadya fulawa wambiri.

Kotsalako n'kosavuta. Wazani fulawa patebulo, gawani pawiri, falitsani gawo lililonse ndi botolo kapena kamtengo kofalitsira mpaka likhale lozungulira ngati mbale, lochindikala theka la sentimita. Dulani mtanda kuti patuluke zidutswa 4. Chiwaya chikhale chochindikala, chotentha pakatikati, chopanda mafuta, mutangowazapo kafulawa. Kafulawako kakayamba kusanduka kabulauni, ikani zidutswa zanu, mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse. Pa mbaula dikirani makala ayambe kuchita phulusa pamwamba. Moto wolilima umawaula kunja mkati musanapse.

Ine ndimamukonda kwambiri mawa lake. Akagona amalimba pang'ono, ndiye mukamukazinga mu batala kapena m'mafuta otsala pokazinga nyama, kunja kumachita khirichikhirichi, mkati muli lofelofe. Anthu a ku Ulster amachita chomwecho pa kadzutsa wawo uja. Kuphika pa chiwaya chouma ndi gawo loyamba chabe.

Nditazolowera kaphikidwe, ndinafuna kudziwa chifukwa chake buledi wa anthu amenewa ali wa pa chiwaya komanso wa fulawa wochepa chonchi. Nyumba zambiri za kumudzi ku Ireland kalelo zinalibe uvuni. Ankaphika pa moto wa pansi, wosonkhera ndi zibuma za dothi lakuda la m'madambo lomwe ankakumba n'kuumitsa, atakoleka chiwaya chathyathyathya kapena mphika wachitsulo pamwamba pake. Mbewu monga tirigu, alimi ang'onoang'ono ankagulitsa kuti alipire lendi kwa eni malo. Chotsalira banja inali mbatatesi, mbewu yochokera ku mapiri a Andes ku South America, yomwe inafika ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Inabereka bwino m'nthaka yonyowa ya kumeneko mpaka kalembera wa 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni pachilumbacho, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo ankadalira mbatatesi yokha. Mwamuna wogwira ntchito yakalavulagaga ankatha kudya makilogalamu 5 kapena 6 pa tsiku.

Pali olemba ena amene amakonda kunena kuti buledi uyu ndi chakudya cha nthawi ya njala yaikulu ya ku Ireland. Ine sindikugwirizana nazo. Njala ya 1845 mpaka 1852 inabwera chifukwa mbatatesi yeniyeniyo inaola m'minda, itagwidwa ndi chiwawu choyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora infestans, komwe mpaka lero kamasautsa alimi a kachewere ndi tomato nthawi ya dzinja kuno kwathu. Osauka ambiri ankabzala mtundu umodzi, wa Lumper, ndipo matenda atalowa panalibe pothawira. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, enanso oposa 1 miliyoni anasamuka m'dzikomo. Munthu amene analibe mbatatesi akanapanga bwanji buledi wa mbatatesi, wothira batala? Ichi chinali chakudya cha nyumba yomwe muli kanthu, ngakhale kochepa.

Buledi ameneyu ali ndi abale ake. M'maboma monga Leitrim, Cavan ndi Mayo amapanga boxty, momwe theka la mbatatesi limakhala laiwisi, lopala pa gireta n'kulifinya mu nsalu. Madzi ofinyawo satayidwa msanga. Amawasiya adikhe, sitachi yoyera n'kukhala pansi, kenako amaibwezera mu zosakaniza kuti zigwirane. Ku Armagh, komwe amalima kwambiri maapozi owawasa a Bramley, amaika tizidutswa ta apozi pakati pa mabuledi awiri osaphika, n'kumata m'mphepete, n'kuphika pa chiwaya pang'onopang'ono. Akapsa amatsegula pamwamba, n'kuthiramo shuga ndi batala kuti zisungunukire mkati. Nthawi ya Halloween, chikondwerero cha pa 31 Okutobala, ena amabisamo mphete, ndipo woipeza amati ndiye adzayambe kulowa m'banja.

Wa maapoziyu ndi amene ndikufuna kuphunzira tsopano. Vuto lake ndi madzi omwe aja: apozi akamapsa amatulutsa msuzi, ndiye buledi wapansi ayenera kukhala wochindikalako ndipo moto ukhale wochepa kuposa wa masiku onse. Maapozi a Bramley kuno sapezeka, choncho ndiyamba ndi obiriwira owawasa a Granny Smith omwe amabwera kuchokera ku South Africa.