Kandege sikalemera masana, mpweya ndi umene umachepa

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuzunguzika mutu. M'mawa kandege kanga koulutsa ndi rimoti kamanyamuka bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo kamathamanga mtunda wautali pabwalo la kalabu, n'kudzuka monyinyirika ngati ndakamangirira mwala. Masabata awiri apitawo kanagwa ndikukakhotetsa pafupi ndi pansi. Phiko lakumanzere linathyoka, ndipo kanagwera pafupi ndi pamene anzanga amaima. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Dzulo ndiye zinandilowa, mtima n'kukhala pansi. Mpweya ukatentha umafutukuka, ndiye phiko likamadutsa limapeza wochepa woti liukankhire pansi. Kutentha kukachoka pa madigiri 15 kufika pa 35, mpweya umapepuka ndi pafupifupi 6.5 peresenti. Zikumveka zochepa, koma vutoli limabwera mbali zitatu nthawi imodzi: phiko limafuna liwiro lochulukirapo, pulopela imagwira mpweya wochepa, mota ndi ESC (kachipangizo kowongolera liwiro la mota) nazonso sizizizira msanga. Liwiro limene maso anga anazolowera m'mawa, masana limakhala layandikira stall, pamene phiko limalephera kunyamula kandege. Ndiye uwonjezerepo kukhota. Ukapendeketsa kandege madigiri 60 osafuna kuti katsike, mapiko amasenza kulemera kwake kuwirikiza kawiri. Ine ndinkachita zonsezi pamodzi, kotentha, pang'onopang'ono, chapansipansi.

Za LiPo, mtundu wa batire wa tindege timeneti, sindichulukitsa gaga m'diwa, tonse tikudziwa kuti siisiyidwa m'galimoto yotseka ndipo siichajidwa ikadali yotentha.

Chimene chandithandiza ndi kabuku. Ndisanaulutse ndimalemba nthawi ndi madigiri a kutentha, kenako ndimawerenga mapazi kuchokera pamene kandege kanayambira kufika pamene matayala anasiya nthaka. Kakatera ndimagwira mota ndi batire ndi chala, n'kulembanso. Nditayala masamba onse patebulo, nkhani yonse inali pomwepo: tsiku lotentha, mapazi ambiri. Kwa ine kabuku kameneka kaposa simulator (pulogalamu yophunzirira kuulutsa pakompyuta), kaposa mavidiyo onse amene ndinaonera, ndipo ndikanakonda wophunzira aliyense atapatsidwa kabuku asanagwire n'komwe rimoti.

Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu izi amazidziwa. Nthawi zonse ankangoti, "Onjezani liwiro, onjezani!" osanena chifukwa. Akanati mawu awiri okha, mpweya wachepa, phiko lija bwenzi lilipo. Komanso ife ophunzira mpata timaupeza masana, akatswiri atauluka kale m'mawa kukuzizira. Loweruka ndi limodzi pa sabata, ndipo theka lake limathera pa kudikira padzuwa, mutu ukuwawa, maso atatopa ndi kuthwanima kwa thambo.

Komabe tsiku lija silikundichokera. Nthaka ikatentha pamadzuka timphepo tadzidzidzi, ndipo ndikukumbukira kuti udzu unagwedezeka kandege kasanagwe. Mwina unali mpweya wopepuka uja, mwina kamphepo, mwinanso chala changa chinakoka elevator, kachiwongolero kokweza ndi kutsitsa mphuno ya kandege, mopitirira chifukwa cha mantha. Phiko ndamata, Loweruka ndikakhotera m'mwamba ndi liwiro lokwanira. Koma ngati manja akanjenjemerenso pa kona yomwe ija, kaya.