Mbiri ya moyo wanga, gawo la 12: Paketi ili m'manja mwa ndani?

M'gawo lapitalo tinalekezera pamene ndinayamba kulemba madiraiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) a makadi a netiweki mu Linux. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchitoyi, funso limene ndinkagona nalo linali lakuti paketi iyi (kachidutswa ka deta koyenda pa netiweki) panopa mwini wake ndani, kernel (mtima wa Linux), diraiva, kapena khadi?

Kernel imakuthandizani ndithu. Mukaitana alloc_etherdev() imakupatsani net_device, yomwe imaimira khadi lanu mu kernel, inu n'kulozamo ma function anu otsegulira (ndo_open), otsekera (ndo_stop) ndi otumizira (ndo_start_xmit). Koma register_netdev(), yolembetsera khadi ku kernel, muziitana pomalizira penipeni, chifukwa ikangotha, khadi likhoza kutsegulidwa nthawi yomweyo zina musanakonze.

Pamene pamagona nkhani ndi potumiza. Paketi imabwera ngati sk_buff (chosungira paketi mu kernel, mwachidule skb) kudzera mu ndo_start_xmit. Mumaitana dma_map_single() kuti khadi lipeze adiresi ya detayo, kenako dma_mapping_error() kuti mutsimikize kuti zatheka. Ambiri amadumpha sitepe yachiwiriyi, ndipo n'kulakwa. Mukabweza NETDEV_TX_OK ndiye kuti paketiyo mwaitenga, kuimasula ndi udindo wanu. Musaimasule pomwepo, khadi likadawerengabe memore imeneyo. Dikirani linene kuti latumiza, muitane dma_unmap_single(), kenako dev_kfree_skb_any(). Mukafulumira, memoreyo ipatsidwa kwa wina, ndipo pawaya padzatuluka zinyalala. Mukabweza NETDEV_TX_BUSY, paketi ikadali ya kernel ndipo idzaibweretsanso. Kuimasula apa n'kumasula kawiri, makina amagwa.

Ndiye pali mzere wa ma descriptor, timalo timene mumalembamo adiresi ya deta kuti khadi liwerenge. Musadikire kuti udzaze. Malo otsala akachepera pa amene paketi yogawikana kwambiri ingafune, pafupifupi MAX_SKB_FRAGS (malire a zidutswa za paketi imodzi) kuwonjezera limodzi, itanani netif_stop_queue() kuti muimitse mzere, kernel isiye kukutumizirani mapaketi. Vuto lobisika lili pomwepa. Tiyerekeze CPU yoyamba yaona kuti malo atha. Isanaimitse mzere, CPU yachiwiri yamasula ma descriptor onse, yayang'ana, yapeza mzere sunaimitsidwe, yangopita osadzutsa kanthu. Kenako yoyamba ija yaimitsa. Palibenso paketi ili panjira yoti ibweretse interrupt (chizindikiro chimene khadi limatumiza ku CPU), choncho wodzutsa mzere palibe. Pakapita masekondi 5, ngati simunasinthe watchdog_timeo, mu dmesg (mauthenga a kernel) mumatuluka NETDEV WATCHDOG ndipo kernel imaitana ndo_tx_timeout. Mankhwala ake ndi masitepe atatu okha: mukaimitsa mzere, ikani smp_mb() (chotchinga chotsimikiza kuti kulemba ndi kuwerenga memore sikusinthana dongosolo), werenganinso malo otsala, ndipo ngati alipo dzutsani mzerewo nokha. Mbali yomasula ija nayonso ifunika chotchinga chake isanayang'ane ngati mzere waima. Ine diraiva iliyonse imene ndapatsidwa kuti ndiunike, ndimayambira kuyang'ana pamenepa.

Polandira zinthu n'zosavutirapo chifukwa cha NAPI, njira ya kernel yolandirira mapaketi ambiri pakamodzi. Interrupt ikabwera mumaitseka n'kuitana napi_schedule(). Kernel imaitana poll yanu, function yotolera mapaketi, ndi malire a mapaketi, nthawi zambiri 64. Paketi iliyonse imadutsa pa eth_type_trans(), yomwe imachotsa mabaiti 14 a mutu wa Ethernet, kenako pa napi_gro_receive(). Ikadutsa pamenepo si yanunso, musawerengenso ngakhale skb->len. Mukatha mapaketi malire asanakwane, itanani napi_complete_done(), ndipo interrupt muitsegule pokhapokha yabweza true. Mu poll simuloledwa kugona (kuima n'kumadikira), choncho mutex, loko imene imatha kukugonekani, ayi, ndipo memore mumapempha ndi GFP_ATOMIC kapena napi_alloc_skb().

Gawo lotsatira ndidzafotokoza za PHY, chipangizo cholumikiza khadi ndi waya, ndi mmene ndinayambira kugwiritsa ntchito phylib, gawo la kernel loyendetsa PHY.