Dampa ya chiwongolero: mmene ndinaimangira pa pikapu yanga

Dampa yakale, chida chochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero, inali itanyowa ndi mafuta mbali yonse, ndipo tayala likangogunda mwala chiwongolero chinkandimenya m'manja. Ndinagula yatsopano n'kuganiza zomanga ndekha Loweruka m'mawa, poti ndi manati awiri okha. Koma ndinamasula yakaleyo osayamba ndaijambula pa foni, ndipo vuto linayambira pamenepo.

Dampayi imaoneka ngati shoki, koma imagona chopingasa kutsogolo kwa galimoto. Pa pikapu yangayi mbali imodzi imagwira pa chitsulo cha pa ekiselo chomwe sichisuntha, inayo imagwira ndi kalampu pa tayirodi, chitsulo chachitali cholumikiza matayala akutsogolo kuti azikhotera limodzi. Mbali ina ili ndi thupi lonenepa la mafuta, inayo ndi kandodo konyezimira kolowa ndi kutuluka. Nditaigwira m'manja ndinasowa kuti thupilo lipite kuti. Ndinangoliika ku tayirodi n'kumanga.

Galimoto ili pa jeke, mwana wanga anapinda chiwongolero mpaka kumapeto. Ine ndili chagada pansipo ndinamva kukhulana kwa zitsulo, ndipo nditawalitsa tochi ndinaona penti ya thupi la dampa itapalika pomwe linakhudza difu, bokosi la magiya la pa ekiselo.

Ndinaitana amakanika achikulire a pafupi nafe. Anagwada, kuyang'ana kamodzi, n'kuti, "Achimwene, itembenuzeni. Thupi lipite kosasunthako, kandodoka n'kowonda, kadutsa bwinobwino." Anandifotokozera kuti dampa ya chiwongolero imalimba mofanana poikoka ndi poikankha, ndiye mphamvu yake sisintha ngakhale uitembenuze. Chimene chimalamula ndi malo odutsa komanso zimene analemba opanga. Ngati pa thupi pali muvi kapena chilembo chosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba, umatsata chomwecho basi. N'chifukwa chakenso shoki wamba saikapo: yambiri imalimba kwambiri mbali imodzi ndipo inapangidwa kuti izigwira ntchito choimirira.

Chomwe chinanditengera nthawi ndi kupeza pakati. Tinawongola matayala kuti aloze kutsogolo ndendende. Dampa tinayamba taikoka ndi kuikankha kangapo kuti mafuta ayende bwino m'kati. Kenako ndinaikoka yonse n'kuyeza kuchokera pa bowo kufika pa bowo linzake: masentimita 54. Nditaikankha yonse, 34. Pakati pake ndi 44, ndipo ndinaika kachizindikiro pa kandodo ndi cholembera. Kalampu ya pa tayirodi ndinaisuntha pang'onopang'ono mpaka dampa itakhala pa 44 matayala ali chiwongokere. Mukaphonya apa, dampa imathera panjira chiwongolero chisanafike kumapeto. Galimoto imakhota kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, ndipo mphamvu yonse ya chiwongolero imathera pa kalampu ndi kandodo kaja mpaka china chitapindika.

Mabushi a labala a kumapeto kwa dampa musawafinye mpaka kuphwatalala. Ine ndinamanga mpaka labala itangofufuma pang'ono kufika m'mphepete mwa washa. Ndinaonetsetsanso kuti dampa yagona motsatana ndi tayirodi, osati mopendama.

Tinapindanso chiwongolero, kumanja mpaka kumapeto, kumanzere mpaka kumapeto, kawiri konse. Chala changa chinkalowa pakati pa dampa ndi difu paliponse, ndipo kandodo kankatsala ndi kampata mbali zonse ziwiri. Titatsitsa jeke tinabwereza, chifukwa galimoto ikakhala pa matayala ake mipata ina imasintha.

Amakanika aja asanachoke anagwedeza matayala onse akutsogolo ndi manja, n'kupeza kuti mutu wa tayirodi wa kumanzere wayamba kusewera. Anandichenjeza kuti dampa yatsopano ikhoza kubisa kunjenjemera kwa chiwongolero koma sichiza chomwe chikukuyambitsa, ndipo ndinawamvera. Mutuwo tinasintha Lolemba. Nditayesa galimoto pa msewu wafumbi wa mabampu, chiwongolero chinakhala phee m'manja, ndipo nditabwerako ndinalowanso pansi ndi sipanala kukaona ngati kalampu yasuntha pa tayirodi. Inali pomwe ndinaisiya.